Wokonza mafoni pakhomo sathawa, onse adziwa pomwe agona

Anthu amakonda kundifunsa kuti bwanji sindisamukira ku tauni nkukapeza kakona ku Katondo Street kapena ku City Market ngati anzanga ena, ati kumeneko ndiye kuli ndalama. Mwina zoona. Koma ine chaka chachisanu ichi ndikukonzera mafoni pakhonde pano pa Chawama mu Lusaka, tebulo langa ndi chitseko chakale chomwe ndinasanjika pa madiramu awiri, pamwamba pake pali hot air (kamakina kotulutsa mpweya wotentha), kachitsulo kowotcherera, mita yoyezera moto, tima sikuludiraiva tating'ono tija ndi kabulashi kotsukira mano komwe kanapuma pantchito yake yakale. Basi. Palibe galasi, palibe yunifomu, chikwangwani ndinalemba ndekha ndi penti yotsala ya a landilodi.

Manje maganizo anga ndi awa, ndipo amene akufuna kutsutsa atsutse. Ku tauni kasitomala ndi munthu wodutsa, lero wabwera mawa simudzaonananso, ngakhale wokonzayo atha kusamuka pakona paja sabata yamawa osasiya keyala. Kuno kukomboni kasitomala wanga ndi yemwe ndikumana naye pa mpopi mmawa, ndi yemwe tikhala naye benchi imodzi Lasabata, ndi yemwe tidzakumba naye manda tsiku la maliro. Amadziwa chitseko changa, amadziwa mkazi wanga, ana ake amasewera ndi anga. Ndikamunamiza 10 hours, pofika madzulo nkhani yafika kale kwa amayi ogulitsa tomato pamsewu ndipo iwo aja sasunga mawu mkamwa. Ambiri amaona ngati chimenechi ndi chovuta cha bizinesi yapakhomo, ine ndimati ndiwo mpamba wanga weniweni, kuposa hot air ija, chifukwa munthu amasiya foni yake mosavuta kwa munthu yemwe sangathawe.

Koma kusathawa kokha sikukwanira, alipo ambiri osathawa omwe anthu anawasiya kalekale.

Tiyambe ndi nkhani ya chaja chifukwa ndi pomwe ambiri a ife timagwera. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa Lusaka yonse ndi fumbi lokhalokha, foni imakhala mthumba la buluku kapena yomangidwa pa chitenje, ndiye fumbi ndi timaulusi zimalowa pobayira chaja paja nkumakanikizika pang'onopang'ono mpaka chaja siyifikanso pansi. Munthu abwera nkhope ili gwa, ati foni yanga yasiya kuchaja, ndagula machaja awiri koma palibe. Apa wokonza wadyera amatenga foni, amalowa nayo mkati, amatuluka nkuti charging system yapsa bwana, bweretsani K150 mubwere mawa, pomwe ntchito yomwe achite ndi ya mphindi zitatu. Ine ndimati khalani apa pa mpando, ndizimitsa foni, nditenga kasingano ndi kabulashi kaja nkuyamba kutokosa iye akuona, kenaka ndimatulutsa kanthu kakuda ngati thonje lonyowa nkumuikira pachikhato. Muone mmene amasekera. Ena amachita manyazi ngati ndawapeza ndi litsiro mkhutu. Ndikabaya chaja nkuona kachizindikiro kayaka ndimangoti mundigulire Fanta, kapena K10 ngati ali nayo. Mnzanga wina yemwe tinaphunzira limodzi ntchitoyi anandiuza kuti ndine chitsiru, ndikutaya ndalama yobwera yokha. Chabwino. Koma munthu uja tsiku lomwe sikirini yake idzasweke, ndipo idzasweka ndithu, sakwera basi kupita ku tauni, ndipo ndikadzamuuza kuti apa ndiye pafunika K400 sakangana nane chifukwa anaona ndi maso ake kuti pomwe panalibe vuto ndinati palibe.

Mantha aakulu a anthu, ngati simunadziwe, si mtengo ayi. Ndi kusinthiridwa zinthu. Aliyense ali ndi nkhani ya msuweni wake yemwe anapereka foni ili ndi batire ya orijino nkuibweza ikutha moto pa ola limodzi. Kaya nkhanizo zonse ndi zoona kaya ayi, mantha alipo ndipo amalowa nawo pageti panga. Ndiye ine ndikatsegula foni mwini wake ali pompo ndimamupatsa maka kuti alembe kachizindikiro kake pa batire, ena amalemba dzina, amayi ena anajambula kamtanda. Chilichonse chomwe ndachotsa, sikirini yosweka, kaspika, kabodi kochajira, ndimaika mu kapulasitiki nkumubwezera. Batire yotupa yokha ndi yomwe ndimangomuonetsa nkusunga ndekha, chifukwa ija ikabooledwa imayaka ndipo sindifuna ana akaiseweretse.

Za masikirini nazonso tizinena zoona abale. Timagula tonse malo amodzimodzi ku tauni ndipo tonse tidziwa kuti pali ya orijino ndi ya kope, mitengo yake yosiyana kutali. Ya kope imagwira ntchito inde, koma padzuwa siyiwala bwino, nthawi zina ukaikhudza imachedwa kumva, ndipo pa ma Samsung ena aja omwe chala umadinda pa sikirini penipeni, ukaika ya kope yotchipa zodinda chala zija zimathera pomwepo. Palibe cholakwa kuika ya kope, anthu ambiri kuno ndi yomwe angakwanitse, ine ndemwe foni yanga ili ndi ya kope. Cholakwa ndi kuika ya kope nkulipiritsa ya orijino. Ndimawauza mitengo yonse iwiri ndi kuipa kwa yotchipayo, asankhe okha ndi thumba lawo.

Koma chomwe chinandiphunzitsa kwambiri si zimenezi. Ndi tsiku lomwe ndinalakwitsa ndekha.

Kunabwera agogo ena a kumunsi kuno, kwawo ndi ku Katete ngati ine, atanyamula ka Tecno kokulungidwa mu mpango, foni yomwe anawagulira mwana wawo wa ku Kitwe kuti azionana pa WhatsApp. Vuto linali batire chabe. Anati apite kaye kumsika adzatenga pobwera. Ine potsegula, kaya ndinali ndi changu chanji tsiku limenelo, chida chinaterera nkudula kalamba kopyapyala kaja kolumikiza sikirini ndi bodi. Ndinayatsa foni, ikulira bwinobwino koma sikirini bii. Ndinakhala phee thukuta likutsika, ndipo ndisaname, maganizo oyamba omwe anabwera anali oti ndiwauze kuti agogo foni yanu inali ndi matenda ena mkati, sikirini nayo inali itatsala pang'ono kufa. Akanakhulupirira. Sadziwa kalamba ndi chani, sakanandifunsa kanthu, akanangoimbira mwana wawo kuti atumize ndalama ina.

Atabwera ndi kathumba ka ndiwo ndinawapatsa mpando nkuti, "Agogo, batire ndasintha koma ndakulakwirani, ndaononga sikirini yanu ndi manja angawa. Mundipatse mpaka mawa masana, ndikagula ina ndi ndalama yanga, inu musaonjezere kalikonse."

Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Kenaka anati, "Mwana wanga, waiononga iwe?"

"Eya agogo, ndine."

"Nanga ukanapanda kunena ndikanadziwa bwanji?"

Ndinalibe choyankha. Anangoti chabwino mawa, nkunyamuka. Mmawa ndinakwera basi ya ku tauni, ndalama yomwe ndinagulira sikirini ija inali ya ndiwo za sabata yonse ndipo kunyumba kuno nkhani inavuta, mayi a ana anandifunsa ngati chilungamo chimadyedwa ndi nsima. Sindinawayankhe chifukwa funso lawo linali lomveka, tinadya soya pieces masiku anayi otsatizana. Koma agogo aja ali mu chilimba cha amayi a kutchalitchi kwawo, ndipo mpaka lero ukamva munthu pageti akuti "ndi pano pa mnyamata uja anaononga foni ya agogo?" udziwe kuti kwabwera ntchito. Dzina langa kwa amayi amenewo ndi lomwelo, mnyamata woononga foni, ndipo amabwera ndi ma itel awo mmodzimmodzi.

China chomwe anthu sakamba poyera koma chili mumtima ndi zomwe zili mkati mwa foni. Masiku ano foni ndi banki, muli Airtel Money muli MoMo, muli zithunzi za ana, muli mameseji omwe ngakhale mkazi wa munthu sanawaone. Munthu akakupatsa foni ndi PIN yake wakupatsa makiyi a kuchipinda. Lamulo langa ndi loti SIM ndi memory card achotse apite nazo, PIN sindifunsa pokhapokha pofunika kuyesa, ndipo kuyesako timachita limodzi iye atabwera, atsegule yekha. Zambia ili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2021, koma kunena zoona sindinayambe kuchita izi chifukwa choopa khoti, ndinayamba nditaona mmene mtsikana wina ankagwirira foni yake ndi manja awiri osafuna kuisiya, akufunsa katatu konse ngati ndidzatsegula gallery.

Ndipo mayesero amabwera ndi ndalama mmanja. Bambo wina wooneka bwino anafika madzulo ena ndi foni ya pinki, ati ya akazi anga iyi, aiwala pateni, nditsegulireni ndione kanthu kena ndikupatsani K200. Ndinati akulu, abwere amayiwo tidzatsegule ali pompano. Anakweza mpaka K300. Ndinakana, anachoka akutukwana kuti ndimadzimva. Ndikanatsegula, banja lija likanatha usiku womwewo ndipo mmawa komboni yonse ikanadziwa kuti amene anatsegula ndi uja wa pakhonde, ndiye mzimayi uti akanadzandisiyiranso foni?

Chimodzimodzi anyamata obwera usiku ndi foni yodula, yokhoma, alibe bokosi alibe risiti, sadziwa ngakhale akaunti ya Google yomwe ilimo, ati ifulasheni chabe mdala, kutanthauza kufufuta zonse za mkati kuti iyambirenso ngati yatsopano. Ine ndili ndi buku la hadikava, foni iliyonse yolowa pano ndimalemba tsiku, dzina, nambala, vuto lake, mtengo womwe tagwirizana ndi IMEI, nambala ija ya manambala 15 yomwe imatuluka ukadinda *#06# kapena yolembedwa pa bokosi. Ikakhala yofuna kufulasha ndimapemphanso NRC, chiphaso cha boma chija. Mukangotchula NRC muone mmene mnyamata amakumbukira kuti waiwala kanthu kunyumba, ndipo sabweranso. Ngakhale mafoni a pa nkhongole aja omwe amadzitseka ukapanda kulipira, sindikhudza. Anthu ena amati ndikudzitaitsa makasitomala, koma amene anaberedwa foni mu basi ndi ambiri kuposa akuba, ndipo iwowo ndi omwe ndimafuna azidziwa kuti foni yawo siingatsukidwire pakhonde panga.

Matenda ena athu amisiri ndi "bwerani mawa". Telala, makanika, kalipentala, tonse ndi amodzi. Ine anandichiritsa ndi malaiti a 2024, chaka cha chilala chija madzi atatsika ku Kariba, pomwe masiku ena moto unkabwera maola atatu okha, nthawi zinanso pakati pausiku. Hot air siyigwira ndi makala. Ndinkagona ndi switch ya babu ili yoyatsa kuti moto ukangobwera undidzutse, 02 hours ndili pa tebulo ndikuwotcherera anthu ali mtulo. Nthawi imeneyo ndinaphunzira kusalonjeza ola, ndinkangoti malaiti akabwera foni yanu ndi yachitatu pa mzere, ndipo zikakanika ndinkaimba ndekha munthu asanayambe ulendo. Ka airtime ka K2 kamapulumutsa munthu kuyenda kuchokera ku John Howard kudzangomva kuti sizinatheke. Ndipo ikakhala foni yoti sindingaithe, monga yomwe inagwera mmadzi nkukhala masiku atatu mu mpunga mpaka mkati mwachita dzimbiri (mpunga suchiza foni abale, zimitsani nkubwera nayo msanga), ndimanena kuti apa pandikulira, osati kuisunga milungu iwiri nkuibweza itafa kuposa mmene inabwerera.

Zovuta zapakhomo zilipo, walira mvula walira matope. Anthu amagogoda 22 hours ati foni yazima ndipo mawa ndili ndi ulendo. Achibale ndi maneba amafuna zaulere kapena pa nkhongole, ndipo nkhongole ya neba kuitolera kwake umachita ngati wapalamula ndiwe. Pano ndimati ndalama ya sipeya patsogolo, ya manja anga mutha kubweretsa pa mapeto a mwezi, ndipo onse ndimawalemba mbuku lomwe lija ngakhale alamu anga.

Pansi pa tebulo pali chitini cha mabisiketi momwe ndimasunga mafoni okonzedwa omwe eni ake sanabwere kudzatenga. Pano alimo asanu ndi awiri. Imodzi ndi ka itel ka mabatani ka bambo wina yemwe anati akupita kumudzi ku Petauke kukaona odwala adzatenga akabwera, papita chaka ndi miyezi, nambala yomwe anasiya siyikupezeka. Mayi a ana amati gulitsa ubweze ndalama ya sipeya, K60 yonse. Ine mwezi uliwonse ndimaitulutsa, ndimaichaja kuti batire isafe, nkuibwezera mchitini.