Bwanji timamuchemerera wakupha wa ganyu?

Anthu ambiri akamaliza kuwerenga The Day of the Jackal, buku la Frederick Forsyth la mu 1971, amavomereza chinthu chimodzi, ena monong'ona ena mosabisa: kuti pofika masamba omaliza mtima wawo unali kumbali ya wakuphayo. Ankafuna kuti chipolopolo chake chilase. Ndikufuna tikambirane zimenezi, abale, chifukwa ineyo sindiziona ngati nkhani yaing'ono. Amene simunawerenge ndipo simufuna kudziwiratu mathero, lekerani pompano.

Chiyambi cha nkhaniyi si chopeka. Pa 22 Ogasiti 1962, ku Petit-Clamart kufupi ndi Paris, zigawenga zinawombera galimoto ya Citroën imene munali Pulezidenti wa France Charles de Gaulle ndi mkazi wake Yvonne. Matayala anaphulika, koma onse anapulumuka. Amene anakonza chiwembucho, Jean Bastien-Thiry, anaweruzidwa ndipo anaphedwa ndi mfuti pa 11 Marichi 1963. Gulu la OAS, la asilikali ndi anthu ena a ku France omenya nkhondo mobisa, linali ndi mkwiyo chifukwa de Gaulle analola kuti Algeria ilandire ufulu mu 1962, pamene iwo ankaiona ngati gawo la France. Forsyth anali mtolankhani wa Reuters ku Paris nthawi imeneyo, ndiye zimenezi ankazidziwa bwino. Chimene anawonjezera yekha n'chakuti a OAS, atatopa ndi kulephera komanso akazitape a boma amene anali atawalowerera, analemba ganyu mlendo wa ku England wosadziwika ndi aliyense, wongotchedwa Jackal, kuti aphe de Gaulle pa mtengo wa madola theka la miliyoni.

Owerenga amagawanika pawiri. Ena amati iyi ndi nkhani yongopeka basi, kuchemerera munthu wa m'buku sikupha aliyense, tisamadzivutitse. Ena amati bukuli ndi loopsa, ndi sukulu ya zigawenga, limaphunzitsa kuba pasipoti ndi kubisa mfuti. Ine ndimaona kuti mbali zonse ziwirizi zikudumpha pamene pali nkhani yeniyeni.

Taonani mmene Forsyth amatikokera. Satiuza dzina lenileni la Jackal, kwawo, makolo ake, kapena chimene chinamupweteka ali mwana. Palibe chotichititsa chisoni. Chimene amatipatsa ndi luso lokha. Timamuona akuwerenga za moyo wa de Gaulle kufikira atapeza tsiku limodzi limene mkuluyo sangalole kubisala, 25 Ogasiti, tsiku lokumbukira kumasulidwa kwa Paris. Timamuona ku Brussels akukambirana ndi wosula mfuti kuti ampangire chida chopyapyala chotha kumasulidwa n'kubisidwa m'ndodo yoyendera munthu wolumala. Timapita naye kunkhalango kukayesa mfutiyo pa vwende. Munthu wodekha, wosunga nthawi, wosalankhula zambiri, wodziwa ntchito yake. Tonsefe timalemekeza mmisiri wotere, monga mmene timaimira kuonerera kalipentala wodziwa akupala thabwa. Ndiye pang'onopang'ono timaiwala kuti ntchito imene ikukonzedwa mwaukhondo choteroyo ndi yophulitsa mutu wa munthu.

Tsono nayi mfundo yanga. Tikamatsutsana ngati zinali bwino kufuna kuti de Gaulle afe, tikuwerengera moyo wa munthu mmodzi yekha, wamkuluyo, amene ngakhale m'bukumo sanafe. Tonse timadziwa tisanatsegule tsamba loyamba kuti anamwalira yekha kwawo ku Colombey mu Novembala 1970. Koma m'njira muli anthu amene anafadi, ndipo owerenga ambiri sawatchula.

Wopanga ziphaso zachinyengo wa ku Brussels anayesa kumuopseza kuti apeze ndalama zambiri, Jackal anamupha n'kubisa mtembo m'bokosi. Apa ambiri amati anadziputira yekha. Chabwino. Nanga Colette de la Chalonnière? Mayi wosungulumwa amene anamulandira m'nyumba mwake ndi pabedi pake, mlandu wake unali kungozindikira kuti mlendoyo ndi ndani. Anamupha ndi manja n'kutenga galimoto yake. Nanga Jules Bernard wa ku Paris, amene anamupatsa pogona osadziwa kanthu, n'kuphedwa ataona nkhope ya mlendo wake pa wailesi yakanema? Nanga wapolisi wachinyamata uja amene anakwera masitepe limodzi ndi Lebel, wapolisi wofufuza amene ankasaka Jackal, pa tsiku lomaliza? Forsyth sanabise imfa zimenezi. Anazilemba poyera, m'mizere yochepa yozizira, mofanana ndi mmene analembera za kusintha mtundu wa galimoto. Ndife owerenga amene timazidutsa mothamanga chifukwa tikufulumira kukaona ngati afike ku Paris. Pamenepa ndi pamene pamandipweteka, chifukwa kaganizidwe ka wakupha wa ganyu ndi komweko: munthu amene waima panjira ndi chopinga chabe.

Palinso wina amene sitimuwerengera n'komwe. Kuti apeze pasipoti, Jackal anayendayenda m'manda a m'midzi ya ku England kufunafuna chiliza cha mwana wamwamuna amene anamwalira ali wamng'ono, wobadwa zaka zoyandikana ndi zake. Anapeza dzina la Duggan, anakatenga satifiketi yake ya kubadwa, n'kufunsira pasipoti m'dzina la mwanayo. Owerenga amasirira nzeru imeneyi. Koma njirayi si ya m'buku mokha. Mu 2013 zinaululika kuti apolisi achinsinsi a ku London anakhala akugwiritsa ntchito maina a ana omwalira kuti alowerere m'magulu a anthu ochita zionetsero, makolo a anawo osadziwa. Taganizirani mayi amene analira mwana wake, kenako n'kumva kuti dzina la mwanayo linkayenda m'thumba mwa munthu wachilendo. Ndikaganiza zimenezi, chiliza cha Duggan sindichionanso ngati nzeru yosiririka.

Musaganize kuti ndikuti boma la m'bukumo ndi loyera. Amene amati nkhaniyi ndi ya abwino kulimbana ndi oipa sanawerenge bwino za Viktor Kowalski, mlonda wa Rodin, mtsogoleri wa OAS amene analemba ganyuyo. Akazitape a boma anamunamiza kuti kamwana kake kakakazi kadwala mwakayakaya kuti achoke ku Rome apite ku Marseille. Anamugwira, anamuzunza ndi magetsi mpaka anafa, ndipo m'kubwebweta kwake ndi mmene anamvera za Jackal koyamba. Kunena zoona, de Gaulle wa m'bukuli anapulumuka chifukwa bambo wina anakonda mwana wake ndipo boma linagwiritsa ntchito chikondicho ngati msampha. Sindikudziwa mmene munthu angawerengere gawo limenelo n'kutuluka ali ndi mtendere. Kowalski sanali mngelo, anali wakupha nayenso, komabe zimene anamuchita ndi zoipa.

N'chifukwa chake munthu amene ndimamulemekeza m'nkhaniyi ndi Claude Lebel, wapolisi wamfupi, wosaoneka bwino, amene nduna ndi akuluakulu a asilikali ankamunyoza pa misonkhano ya usiku uliwonse. Alibe mfuti yapamwamba kapena galimoto yothamanga. Ali ndi lamya, mafayilo, kusagona tulo, ndi kulimba mtima kouza akuluakulu kuti chinsinsi chikutuluka m'chipinda chawo chomwecho. Luso lake ndi lofanana ndi la Jackal, kudekha komweko, kusamala komweko, koma iye akuligwiritsa ntchito kuti munthu asafe. Komabe funsani owerenga khumi amene amamukumbukira kwambiri, mumva okha yankho.

Kodi ndiye bukuli lisamawerengedwe? Ayi ndithu, liwerengedwe. Amene amalitcha sukulu ya zigawenga akulakwitsa, chifukwa wofuna kupha sadikira buku la nthano. Koma amene amati ndi nthano chabe akulipeputsanso. Ubwino wake uli poti silitipatsa chifukwa chilichonse chomukondera Jackal. Alibe mbendera imene akumenyera, alibe m'bale amene akubwezera, de Gaulle sanamulakwire chilichonse. Akufuna ndalama kuti apume pantchito akhale moyo wapamwamba, basi. Ngati tamuchemerera, chifukwa chake chili mwa ife, ndipo bukuli limatisiya nacho.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi sewero la pa kanema la mu 2024, limene Eddie Redmayne anasewera ngati Jackal. Anamupatsa mkazi ndi mwana ku Spain, anamupatsa mbiri ya usilikali ndi nkhope yachisoni. Ambiri akuti zimenezi zamuchititsa kukhala munthu weniweni. Ine ndikuti zangotipeputsira katundu ife oonera, chifukwa tsopano tikhoza kunena kuti tikumukonda poti ndi bambo wa mwana. Filimu ya mu 1973 ya Fred Zinnemann, imene Edward Fox anasewera, inakana kutichitira chifundo chimenecho, ndipo pa chifukwa chomwechi ndimaiona kuti ndi imene inalimvetsa bukuli.