Yamaha ya amalume

(Ku Kapata, m'tauni ya Chipata ku Zambia, pansi pa mango. Amalume afika thukuta lili kamukamu, akukankha njinga yamoto ya Yamaha AG 100 kuchokera ku Mchini.)

AMALUME: Mphwanga, ingothiramo petulo. Ilibe vuto iyi, yangopuma pang'ono.

MAKANIKA: Yapuma kuyambira liti, amalume?

AMALUME: 2012. Ndinaiika m'khola la nkhuku kuopa akuba.

MAKANIKA: Nanga matope afika pathanki apawa?

AMALUME: Mvula ya chaka chatha inalowa m'khola. Nkhuku zinathawira pa chishalo, zonse zinapulumuka. Ndiye usainyoze.

(Amalume aponda kiki. Kiki yangoti gwaa.)

MAKANIKA: Iyayi, musaponde! Pisitoni yagwirana ndi dzimbiri, muthyola zinthu. Tichotse pulagi, tithiremo dizilo, igone masiku atatu.

AMALUME: Igonenso? Zaka zonsezi sinakhute tulo?

(Makanika amasula nati ya pansi pa injini. Mukutuluka zoyererako, zamatumatu.)

AMALUME: Aaa! Ndani wathira thobwa mu njinga yanga?

MAKANIKA: Ndi oyilo wosakanikirana ndi madzi ameneyo. Kabureta nayo yadzaza ndere, batire inafa kalekale, matayala ang'ambika ngati zidendene za m'chilimwe. Mawaya onse adyedwa.

AMALUME: Wadya ndani?

(Makanika agogoda ekizozi ndi sipanala. Mwatuluka kanyama, liwiro.)

AMALUME: Gwira! Gwira! Ndi mbewa imeneyo?

MAKANIKA: Khoswe, amalume.

AMALUME: Asa. Musiye apite. Ndimati mwina ndiwo zapezeka. Koma hutala ikulira?

MAKANIKA: Mwamanga mavu.

AMALUME: Basi asiye momwemo, anthu azipatuka okha. Tsono ndiuze mtengo. Ndikufuna ndikafike nayo ku Mtenguleni pa Nc'wala, anthu adziwe kuti ndidakalipo.

MAKANIKA: February uno? Tingoyesa. Maring'i, pulagi, tcheni, batire, matayala awiri, kutsuka thanki, ntchito yanga ndakuchotserani poti ndinu amalume. Zonse K3,000.

AMALUME: Basi? Iwe ndiwe mwana wa mlongo wanga weniweni.

(Atsegula chishalo, atulutsa kapulasitiki komangidwa ndi mphira, asololamo K50,000 imodzi yakale, yonyowa.)

MAKANIKA: Amalume, boma linachotsa maziro atatu mu 2013. Imeneyi inasanduka K50, ndipo pano ngakhale wa tomato sangailandire.

AMALUME: Maziro ake ndi awa ndikuwaona ndi maso angawa, onse alipo. Yanika padzuwa, chenji undipatse Loweruka.