Ndemanga za anthu pa chikuto cha chimbale

Ophunzira luso lokonza zikuto za zimbale za nyimbo amakonda kuika ntchito yawo pa Facebook kapena Instagram n'kufunsa kuti, "Mukuchiona bwanji?" Maganizo anga ndi akuti kufunsako n'kwabwino, koma wophunzira amene sanadziwe kupeta zimene wamva amatha kuwononga ntchito imene anaiyamba bwino.

Zinandichitikira ineyo pamene tinapatsidwa ntchito yokonza chikuto cha chimbale cha vinyl, chija chachikulu cha mainchesi 12, chimene chikuto chake chimakhala masentimita pafupifupi 31 mbali iliyonse. Ndinalemba dzina la woimba m'zilembo zofiira zoonda pamwamba pa chithunzi chakuda, ndipo pakompyuta panga zinkaoneka mochititsa kaso. Amene ndinawaonetsa anandiuza zosiyanasiyana. Wina anati zilembo zikhale zachikasu, wina anati ndiike nkhope ya woimbayo pakati, wachitatu anati chithunzicho ndichichotse. Ndinayesa kuwakondweretsa onse, ndipo chimene chinatuluka chinali ngati chikwangwani chotsatsa malonda. Aphunzitsi athu atachiona sanafunse zimene anthuwo anafuna, koma chimene chinawavuta. Nditawerenganso ndemanga zija ndinazindikira kuti onse atatu ankadandaula chinthu chimodzi, chakuti dzina la woimba silinkawerengeka. Kufiira pa chakuda kumazimirira, ndipo kumazimirira kwambiri papepala, chifukwa inki yosindikizira, yotchedwa CMYK, siwala ngati mitundu ya pasikirini, yotchedwa RGB. Chinkangofunika chinali kunenepetsa zilembozo ndi kuwalitsako kufiirako pang'ono.

Sindikunena kuti mawu a ogula alibe mphamvu. Wojambula wa ku America Alex Steinweiss atayamba kujambula zikuto ku kampani ya zimbale ya Columbia cha m'ma 1940, makampani ena anatsatira chifukwa anaona kuti zimbale zokhala ndi chithunzi zikugulidwa kuposa za zikuto zopanda kanthu. Mu 1966 kampani ya Capitol inabweza chimbale cha gulu loimba la Beatles chimene chikuto chake chinkaonetsa oimbawo atavala ngati ogulitsa nyama, itamva madandaulo a eni masitolo ndi a pawailesi, ndipo pa zikuto zambiri inangomatapo chithunzi china. Koma taonani kuti odandaulawo anali atachigwira m'manja chikutocho.

Apa m'pamene ndemanga za pa intaneti zimasocheretsa. Munthu amene akuyang'ana pafoni akuona kachithunzi kakang'ono, ndipo mwachidziwikire adzakonda zilembo zikuluzikulu ndi mitundu yothobwa m'maso. Ndemanga yake ndi yothandiza pa mmene chikutocho chidzaonekere pa Spotify, pulogalamu yomvera nyimbo pa intaneti, koma sanena kanthu za kumbuyo kwake, kumene kumakhala mndandanda wa nyimbo, kapena za msana wake wopyapyala, umene ndi wokhawo umaoneka chimbale chikaimikidwa pashelefu pakati pa zinzake.

Masiku ano ndimasindikiza chikuto pa kukula kwake kwenikweni, n'kuchimata pa katoni, n'kuchisakaniza ndi zimbale zina m'bokosi. Kenako ndimapempha munthu kuti afufuze m'bokosimo monga amachitira wogula, ine ndili chete. Ndimayang'ana ngati dzanja lake liima likafika pa changa, ndiponso ngati achitembenuza kuti aone kumbuyo. Akamaliza ndimatseka bokosilo n'kumufunsa dzina la woimba uja.