Adivansi si phindu, abale anga makontrakitala

Ndimagulitsa simenti, malata ndi zitsulo pa Kasungu boma pano, ndiye makontrakitala ndimawadziwira m'buku la ngongole. Anthu akaona buloko ya sukulu yaima pa linta, udzu wamera m'kati, amangoti "wadya ndalama ameneyo". Ena amadyadi. Koma ambiri amene ndawaona akugwa, anagwa kale tsiku lomwe ankalemba mitengo pa tenda.

Munthu pofuna kuwina amatsitsa mtengo mpaka kudzipweteka, thumba la simenti kuliwerengera pa mtengo wa lero ngati kuti nyumbayo itha mawa. Chonsecho tenda imagona miyezi isanayankhidwe. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkudzagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anasaina kontrakiti yopanda ndime yolola kusintha mitengo anangodzuka m'mawa ndalama ya denga itasanduka ya zitseko. Ngakhale simenti ya Shayona, yopangidwa konkuno, imakwera nawo, poti dizilo woyendetsa malole timagula ndi madola.

Koma yomwe imandiwawa ndi ya adivansi, ndalama yomwe eni ntchito amapereka poyambirira kuti ntchito iyambike. Mkulu wina atangoilandira anatulukira pa shopu panga ndi galimoto yonyezimira, nkupempha simenti pangongole. Ndinamufunsa, "Achimwene, simentiyo si yomwe mwakwerayi?" Anaseka, nane ndinaseka, ndipo mwa kupusa kwanga ndinampatsa. Pofika Januwale msewu wa kumudzi komwe ankamangako unali matope okhaokha, lole ya kwale yosafika, aganyu onse ali ku fodya. Amisiri atakhala miyezi iwiri osalipidwa anasenza zida zawo. Iye anathamangira kwa akatapila, ndipo kumeneko sikubwereka munthu.

Eni ntchito nawo si oyera. Injiniya wasaina satifiketi yoti kontrakitala alipidwe, malipiro osatuluka miyezi ingapo, kwinaku retention, ndalama yomwe amaisunga kaye ngati chikole cha ntchito, adula kale. Kontrakitala wamng'ono alibe thumba lopirira zimenezo. Koma apa pomwe ndimadabwa nawo anzangawa: amadandaulira pa foni basi. Lembani kalata, bwana! Malipiro achedwa, mvula yatseka msewu, pulani yasinthidwa pakati pa ntchito, lembani sabata yomweyo kupempha masiku owonjezera, musunge kope yodindidwa. Tsiku lokuthetserani kontrakiti palibe adzakumbuke zomwe munagwirizana pansi pa mtengo wa mango.

Ndikanakhala ine, ndalama ya saiti iliyonse ikanakhala mu akaunti yakeyake, osamatenga ya ku Santhe kukatsekera dzenje la ku Chamama. Adivansi ikangolowa ndikanagula zosawola, malata ndi zitsulo, nkututa mchenga ndi kwale mvula isanayambe. Simenti yokha ndiye yogula pang'onopang'ono, ikagona nthawi yaitali imauma m'thumba. Ndipo masaiti atatu foromani mmodzi ayi ndithu. Kumene kulibe diso lako matumba amamera miyendo usiku.

Inunso a makomiti a sukulu ndi a mipingo, musamangothamangira wotchipa. Muoneni kaye satifiketi yake ya ku bungwe la boma loyang'anira ntchito za zomangamanga, mupite mukaone ndi maso nyumba yomwe anamalizapo, mufunsenso amisiri ake ngati anawalipira.

Mkulu wa galimoto uja ndinakumana naye pa depoti mwezi wathawu akudikira minibasi ya ku Lilongwe. Tinapatsana moni bwinobwino. Dzina lake likadali m'buku muja, tsamba lachitatu.