Kudziwa njira ya ku Chambe sikukhala gaidi

Ana anga, ndikulankhula ndi inu amene mwayamba kulengeza pa Facebook ndi pa WhatsApp kuti mukutenga anthu kukakwera phiri la Mulanje, aliyense apereke yake, minibasi ikadzaza tizipita. Ndimakuonani pa Likhubula, pomwe anthu ambiri amayambira kukwera phirili. Mwakwera kawiri kapena katatu, mwajambulitsa pa Dziwe la Nkhalamba, basi mwadzitcha magaidi. Ayi, sizitero.

Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirili, ndi wautali mamita 3,002. M'mawa kumatha kucha bwino kumwamba kuli mbee, koma chiperoni chikangofika, makamaka mu June ndi July, nkhungu imatseka paliponse moti mnzako amene muli naye pafupi sumamuona. Miyala yomwe inali youma imayamba kuterera, mphepo n'kumalowa mpaka m'mafupa. Munthu wophunzitsidwa amadziwa kuti mlendo akayamba kunjenjemera, kupunthwapunthwa ndi kuyankhula zosagwirizana, ndiye kuti thupi lake lazizidwa koopsa. Amam'vula zonyowa, kum'funditsa zouma, kum'bisa ku mphepo, ndi kum'patsa chakumwa chofunda chotsekemera ngati angathe kumeza. Inuyo mungatani? Mungam'uze kuti limba mtima, tatsala pang'ono. Umo ndi momwe anthu amafera kuphiri.

Gaidi weniweni amadziwa kumanga mwendo wothyoka, kugwiritsa ntchito mapu ndi kampasi pomwe foni yafa, ndiponso kutalika kwa mtunda wotsala kuti akafike ku nyumba yogonamo okwera phiri ya Chisepo kapena ya Thuchila dzuwa lisanalowe. Chachikulu kuposa zonse, amatha kuuza alendo kuti lero tibwerera, ngakhale alipira kale ndipo akunyinyirika. Mwana amene wadya kale ndalama za gulu sangayerekeze kunena mawu amenewa.

Musaiwale kuti mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands anasowa akukwera Sapitwa, ndipo sanapezekenso. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anasiya womuperekeza n'kupitirira yekha. Anam'peza atafa ndi kuzizira patapita masabata. Phiri silinasinthe mtima chifukwa choti mu 2025 bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo osungidwa a dziko lonse lapansi. Kunena zoona, chimphepo cha Freddy cha mu March 2023 chinagumula malo ambiri, ndipo njira ina imene munaidziwa kale lero ingakufikitseni pachigwembe.

Ngati ntchitoyi mumaikondadi, yambani monga anayambira akuluakulu anu. Nyamulani katundu kumbuyo kwa gaidi wodziwa kwa nyengo zingapo, mumve chifukwa chake amaima apa osati apo. Kaphunzireni chithandizo choyamba kwa ovulala. Kalembetseni ku ofesi ya za nkhalango ku Likhubula, gulu lililonse lidziwike kuti lakwera liti ndipo litsika liti.

Inunso makolo ndi achinyamata amene mumalipira maulendowa, musanakwere minibasi funsani kuti wotiperekeza analembetsa kuti, anaphunzira chiyani, ndipo wina akathyoka mwendo pa Lichenya adzaimbira ndani. Akayamba kuzembazemba, tsikani.