Kontirakitala wochepetsa utsi apatsidwe mwayi pa tenda

Anzanga, nkhani ya misewu timangothera pa maenje. Ine lero mtima wanga uli pa zimene zimathiridwa mumsewumo.

Amene munaimapo pafupi pamene akuthira phula mukudziwa. Kutentha kumachita kukuwomba kumaso, fungo mpaka kummero, anyamata a mafosholo thukuta lili kamukamu. Phula losakaniza ndi kwale amalitenthetsa kufika madigiri 150 kapena kuposa, ndipo moto umenewo umadya mafuta ochuluka. Simenti ya milatho ndi ngalande nayo siyochepa mlandu: mafakitale a simenti amatulutsa pafupifupi 8 peresenti ya mpweya wa kaboni padziko lonse.

Njira zochepetsera utsiwu zilipo kale. Pali phula lothira lisanatenthe kwambiri. Palinso kupala phula lakale, kuligaya, n'kulisakaniza ndi latsopano. Koma kontirakitala angavutikirenji kugula makina ake pomwe tenda amapambana ndi wotchipa basi?

Apa m'pamene ndimawagomera anthu a ku Netherlands. Mu 2009 kampani yoyang'anira njanji ya ProRail inayambitsa dongosolo la makwerero, ndipo kenako nthambi zina za boma zinalitengera. Kontirakitala amene wasonyeza umboni woti akuchepetsa utsi amakwera pa makwererowo. Pofananiza mitengo, mtengo wake amauwerengera ngati wotsikirapo, koma akapambana amalipidwa ndalama zonse zimene anatchula. Mwaona nzeru yake? Mwini kampani amadzisinthira yekha chifukwa akufuna ntchito, osati chifukwa wina wamuopseza.

Ku America anasankha kupereka ndalama. Mu 2022 anaika padera madola 2 biliyoni othandizira zipangizo za misewu zosatulutsa utsi wambiri. Boma litasintha, mu 2025 ndalama zimene zinali zisanagawidwe anazibweza. Thandizo lotere limayendera mphepo ya ndale, ndipo ifeyo thumba lathu silingakwanitse n'komwe.

Kwathu kuno tinayesa njira yoletsa. Mu 2018 panabwera malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi zikuluzikulu. Cholinga chinali chabwino, poti mitengo inali kutha ndithu chifukwa chootchera njerwa. Koma kuletsa kumafuna munthu woyendera malo aliwonse, pomwe tenda imadutsa patebulo limodzi.

Ndiye ganizo langa ndi ili: a Roads Authority ndi a PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma, aike mfundoyi m'mapepala a tenda. Wogwiritsanso ntchito phula lakale apatsidwe mapointi. Musaiwale kuti phula timaitanitsa kunja ndi ndalama zakunja zomwe zikusowazi, ndiye kulitaya m'mbali mwa msewu zimandipweteka mtima kwabasi.

Koma chonde mapointiwo amangiriridwe pa kulimba kwa msewu. Msewu wokumbika dzinja lachiwiri ndiye kuti tiuthiranso phula, titenthanso mafuta, tilipiranso kachiwiri. Titaona mmene namondwe Freddy anakokololera misewu ndi milatho kuchigawo chakummwera mu 2023, sitingavomere kuti wina atipatse msewu wosalimba n'kumati akuteteza chilengedwe. Mainjiniya athu ayeze phulalo mu labotale, ndipo gawo lina la malipiro lidikire mpaka msewuwo utapirira mvula zaka zingapo.