Musanasankhe pulogalamu yolowera m'kompyuta yakutali, funsani kaye za kiyi

Kwa zaka zingapo ndakhala ndikukonza makompyuta a maofesi ang'onoang'ono ndili pa mpando wanga ku Lilongwe, pamene kompyuta yovutayo ili ku Karonga kapena ku Nsanje. Anthu amandifunsa kawirikawiri kuti pakati pa TeamViewer ndi AnyDesk yabwino ndi iti. Maganizo anga ndi akuti funsoli limadumpha nkhani yaikulu. Pulogalamu yotere ndi khomo lolowera m'kompyuta yanu, ndipo amene walowa amaona sikirini, amayendetsa mawusi, amakopera mafayilo ngati kuti wakhala pa desiki panu. Choyamba kudziwa ndi chakuti kiyi ya khomolo ili ndi ndani, ndiponso kuti mudzamulanda bwanji tsiku limene simukumufunanso.

Chimene chinanditsegula maso ndi ofesi ina imene inandiitana kuti ndikaone kompyuta ya wowerengera ndalama. Ndinapeza pulogalamu yolowera kutali itaikidwa moti munthu angalowe usiku kapena usana popanda wina kuvomereza, ndipo pasiwedi yake inali yomweyo kwa zaka zitatu. Mnyamata amene anaiika anali atasiya ntchito kalekale. M'kompyutamo munali malipiro a antchito onse, manambala a maakaunti awo a kubanki ndi zithunzi za ziphaso zawo. Abwana a ofesiyo sankadziwa n'komwe kuti khomo limeneli lilipo, ndipo panalibe kaundula wosonyeza amene analowapo. Zimenezi zinandiwawa kwambiri, chifukwa anthu amene zinsinsi zawo zinali poyera chonchi sanalakwe kanthu.

N'chifukwa chake ndimayamba ndi kusiyanitsa ntchito ziwiri. Pali kuthandiza munthu amene wakhala pa kompyuta yake, amene mumauzana naye nambala yolowera, iye n'kuvomereza kuti mulowe, ndipo mukamaliza khomo limatsekeka. Pa ntchito imeneyi Quick Assist ya Microsoft kapena Chrome Remote Desktop ya Google n'zokwanira, ndipo n'zaulere. Palinso kulowa m'kompyuta imene palibe munthu, monga seva (kompyuta imene imatumikira makompyuta ena) yosunga mabuku a ndalama. Apa ndi pamene pamafunika kusamala zedi: aliyense wolowa akhale ndi akaunti yakeyake, polowa pafunike pasiwedi pamodzi ndi nambala yachinsinsi yotuluka pa foni yake, pakhale kaundula wa amene walowa ndi nthawi yake, ndipo mwini ofesi athe kufufuta dzina la munthu payekha osadikira katswiri. Pulogalamu imene ilibe zinthu zimenezi sindiilola pa kompyuta ya ofesi, ngakhale ikhale yachangu bwanji.

TeamViewer ndi AnyDesk onse ndi makampani a ku Germany, woyambawo wa ku Göppingen kuyambira 2005, winayo wa ku Stuttgart kuyambira 2014. Ubwino wawo ndi wakuti amalumikiza makompyuta kudzera pa maseva awo, motero amagwira ntchito ngakhale ofesi ikugwiritsa ntchito intaneti ya pa foni kapena karauta kakang'ono. Koma pali zinthu ziwiri zimene anthu amazinyalanyaza. Choyamba, mtundu waulere ndi wa ntchito za panyumba zokha, ndipo ofesi imafunika kulipira laisensi, imene mtengo wake uli mu ndalama zakunja, osati makwacha. Ambiri akaona mtengowo amathamangira pulogalamu yothyoledwa imene aitola pa intaneti, ndipo kutero n'chimodzimodzi kupereka kiyi ya nyumba kwa munthu amene simunamuonepo nkhope. Chachiwiri, mukudalira chitetezo cha kampaniyo. Mu February 2024 AnyDesk inalengeza kuti akuba analowa m'makina ake, ndipo inasintha mapasiwedi a makasitomala pa tsamba lake n'kupempha onse kuti aike mtundu watsopano wa pulogalamuyo. Sindikunena kuti muisiye chifukwa cha zimenezo, koma kuti payenera kukhala munthu amene amatsatira nkhani zotere ndi kuika mitundu yatsopano msanga.

Ena amakonda Remote Desktop imene imabwera kale mu Windows. Ndi yabwino ndipo sidya bandulo kwambiri, ngakhale kuti kompyuta imene mukulowamo iyenera kukhala ndi Windows Pro, pakuti Windows Home salola. Chimene ndimakana kwamtuwagalu ndi kutsegula poti 3389, khomo limene Remote Desktop imadutsirapo, pa rauta kuti ionekere pa intaneti. Akuba ali ndi makina amene amafufuza makomo otere usana ndi usiku n'kumayesa mapasiwedi, ndipo mu 2019 panapezeka chibowo m'chitetezo cha Remote Desktop chotchedwa BlueKeep chimene chinali choopsa moti Microsoft inatulutsa chigamba ngakhale cha Windows XP imene inali itaisiya kale. Remote Desktop iziyenda mkati mwa VPN, njira yobisika yolumikizira makompyuta pa intaneti, monga WireGuard kapena Tailscale, basi.

Kwa ofesi imene ili ndi munthu wodziwa kusamalira seva, ine ndimakonda pulogalamu ya RustDesk, chifukwa mmene inalembedwera m'kati mwake ndi poonekera kwa aliyense ndipo mutha kuyendetsa seva yolumikizira nokha, kiyi n'kukhala m'manja mwanu. Koma ngati munthu woteroyo palibe, ndi bwino kulipira laisensi kusiyana ndi kukhala ndi seva yosiyidwa yopanda woiyang'anira.

Pomaliza kusankha, yesani pulogalamuyo pa intaneti ya kumene kuli kompyutayo, osati ya m'tauni. Onani ngati ikulola kuchepetsa kukongola kwa chithunzi kuti bandulo isathe msanga, ndiponso ngati ikulumikizanso yokha netiweki ikaduka n'kubwerera. Ndipo popeza magetsi amazima, lowani mu BIOS ya kompyuta yakutaliyo, malo osinthira mmene kompyuta imayakira, n'kuiuza kuti iziyaka yokha magetsi akabwera, kenako muzimitse pa soketi ndi kuyatsanso muli pomwepo kuti muone ngati pulogalamuyo ikudzuka munthu asanalembe pasiwedi. Ndinayendapo ulendo wa tsiku lathunthu pa basi kukangodina batani loyatsira kompyuta, ndipo kuyambira pamenepo sindichoka pa ofesi iliyonse ndisanayese zimenezi.